Njinga Sigona Pano

"Ndanena kale, NyaChirwa, ndipo sindibwerezanso. Werenga pamwambapo."

"Ndawerenga, adada. Chikwangwani chimenecho ndinayamba kuchiwerenga ndili ku pulayimale."

"Nanga sukuluyo inakupindulira chiyani?"

A Gideon Mhone ankayankhula osadzutsa mutu. Anali atapana wilo la njinga pakati pa mawondo, akukunga masipoki ngati kuti masipokiwo ndiwo awalakwira. Pamwamba pa mutu wawo, pamtanda wa shedi yawo ya malata ku Katawa, panalendewera thabwa lolembedwa ndi penti wofiira: NJINGA SIGONA PANO. Malata anachita dzimbiri kalekale, benchi inathyoka mwendo n'kuchirikizidwa ndi njerwa, koma thabwa limenelo amalipaka penti watsopano chaka ndi chaka.

Rejoice Chirwa, mtsikana wochita mipikisano ya njinga, amene ankawatchula adada mwaulemu chabe, anali chiimire kutsogolo kwawo, wilo lina dzanja ili, lina dzanja ili. Anali mawilo opepuka, owonda, amene msuweni wake wa ku Cape Town anamutumizira pa basi pamodzi ndi matayala ake ndi kachitini ka guluu. Matayalawo ndiwo anabutsa mkangano. Sanali ngati matayala amene Mzuzu yense amawadziwa, aja umalowetsa chubu m'kati n'kukanikizira milomo yake m'limu. Awa chubu anachisokerera m'kati momwemo, tayala lonse n'kukhala ngati paipi yozungulira yopanda potsegulira. Limu lake nalonso lilibe milomo yogwirira. Ndi kangalande kosaya chabe. Chogwira tayala ndi guluu ndi mpweya, basi.

"Vidiyo ija ndakuonetsani pa foni," anatero Rejoice. "Tayala liyambe lagona palimu louma, litapopedwa, kuti litanuke. Kenako mupake guluu mopyapyala, palimu ndi pansalu ya kunsi kwa tayala, aume usiku wonse. M'mawa mwake mupakenso. Mukadzalivalika, ligonenso ndisanalikwere."

"Kugona, kugona, kugona. Ndi tayala limeneli kapena ndi mlamu wako wa ulova uja?"

Pabenchi wina anaseka mpaka kutsokomola. Anali Overtoun, wonyamula anthu pa njinga ya sakaramento, mwini wa wilo limene a Mhone ankakunga. Anakhala pomwepo kuyambira m'mawa, maso pa wilo lake, monga mmene aliyense amakhalira pa shedi imeneyi.

"Tenga likagone kwanu," a Mhone anatero.

"Ku Geisha? Chipinda chimodzi, ana a achemwali anga akukwawa paliponse, mbaula ikuyaka tsiku lonse? Komanso ndikayenda ndi limu lonyowa ndi guluu kuchoka pano, lifika litavala fumbi ngati mandasi ogwa pansi. Adada, mpikisano ndi Loweruka la sabata yamawa. Kuchoka Mzuzu kutsikira ku Nkhata Bay. Osankha timu yopita kunja adzakhala komweko. Makona a msewu umenewo mumawadziwa, ndi kwanu kumeneko. Tayala likandivukira pamenepo, mudzanditola ndi fosholo."

"Yayi. Njinga sigona pano."

Munthu wobwera kumene akhoza kuganiza kuti ndi makani a ukalamba. Si choncho kwenikweni. Mzinda uno uli ndi nthenda yake, ndipo a Mhone anangoilemba pathabwa. Kwina munthu amasiya njinga m'mawa, n'kupita kuntchito, madzulo n'kudzaitenga osaiyang'ana n'komwe. Kuno ayi. Kuno wokonzetsa foni amaimirira pakhosi pa wokonza, wosoketsa amayeza nsalu yotsala ndi maso, wa kuchigayo sachotsa dzanja pathumba lake. Tsiku lonse la munthu limathera pabenchi, kulondera chinthu chake kwa munthu amene iye mwini wasankha kuti amuthandize. Ndiye tikakumana m'tchalitchi timatchulana abale.

A Mhone anabadwira kunyanja, cha ku Chintheche, m'banja la anthu okonda buku. Bambo awo anali mphunzitsi, ndipo ankafuna kuti ana awo onse adzavale tayi. Gideon yekha anatuluka wina. Kusukulu maso ake ankangokhala pa njinga ya ahedi, mpaka tsiku lina anaimasula yonse n'kuimanganso, nakwapulidwa kusukulu, nakakwapulidwanso kunyumba. Anafika ku Mzuzu ali mnyamata, ndi masipanala m'thumba la pulasitiki ndi pampu yobwereka. Zitsulo zochotsera matayala anasula okha kuchokera ku sipuling'i ya galimoto, ndipo mpaka lero salola wina kuzigwira. Masipanala omwewo aphunzitsa ana awo: wina ndi namwino, wina ndi mphunzitsi ngati agogo ake. Onse akabwera amauza bambo awo kuti apume. A Mhone amayankha kuti adzapuma tsiku limene mmodzi wa iwo adzadziwe kumata chubu.

Kale njinga zinkagona kwa a Mhone. Zinkadzaza khonde la kunyumba kwawo ku Mzilawaingwe, mpaka akazi awo, NyaLongwe, ankasowa poyanika zovala. Ndiye kunabwera bambo wina wa jekete, wa m'maofesi, nasiya njinga kuti aiwongole limu. Atabwerako tsiku lotsatira anaweramira habu, chitsulo cha pakati pa wilo, naiyang'ana, nayamba kukuwa kuti amusinthira. Yake inali yolimba, ya kunja, iyi ndi yachabechabe. Mawu akuti wakuba anawatchula pakati pa msewu, nthawi yoweruka ana asukulu, mwana wamkazi wa a Mhone ali m'gulumo ndi mabuku kumutu. Habu inali yomweyo. Chimene chinachoka ndi dothi lokha, popeza a Mhone anaitsuka osauzidwa. Bamboyo anazindikira ndithu, nkhope inamugwa, koma anakwera njinga yake n'kumapita osapepesa.

Mzuzu amasunga chiyambi cha nkhani, mathero amataya. NyaLongwe akafika pamjigo anthu ankasintha nkhani. Kumpingo anasiya kupatsa a Mhone makiyi a tchalitchi, akuti pofuna kuwapumitsa. Palibe anawaweruza, palibenso anawayeretsa. Ndipamene anagula penti wofiira. Kuyambira pamenepo ntchito iliyonse amaitha tsiku lomwelo, mwini wake ali pabenchi, maso ali tong'o. Ikakhala yaikulu, mwini wake atenge njinga yake madzulo, abwere nayonso m'mawa.

"Tamvera," a Mhone anatero, akupereka wilo kwa Overtoun. "Guluu ndi guluu. Ine ndamata mphira usanabadwe. Khala pabenchipo. Ndikuvalikira lero lomwe, ukuona ndi maso ako."

"Vidiyo ikuti..."

"Vidiyoyo ndi imene inakumangira njinga yako yoyamba?"

Njinga yoyamba ya Rejoice anamumangira ndi a Mhone, kuchokera ku zidutswa, iye ali kamtsikana kokanidwa ndi anyamata pa mpikisano wa pabwalo la sukulu. Chiyambire, wilo lomangidwa ndi manja amenewa linali lisanamugwetsepo. Rejoice anayang'ana kumwamba. Kunali chifunga cha Juni, kozizira, dzuwa losaoneka. Masiku anali kutha. Anapereka wilo la kutsogolo, nakhala pafupi ndi Overtoun.

Poyamba zonse zinayenda bwino. A Mhone anakwecha kangalande ka limu ndi sandipepa, napukuta ndi kansalu konyowa ndi petulo mpaka chitsulo chinachita mbee. Anatsegula kachitini, natapa guluu ndi chala, napaka.

"Mwachulutsa, adada."

"Ukufuna kuti ligwire kapena lingopatsana moni?"

Anapakanso pansalu ya kunsi kwa tayala, nalikoloweka pamsomali. Kenako anagwira guluu wa palimu ndi nsonga ya chala. Anali wonyowa ngati uchi, ndipo m'kuzizira kumeneko analibe maganizo ouma. A Mhone anapisa dzanja m'thumba la ovolosi.

Wokonza njinga aliyense m'tauni muno amadziwa chochita solushoni akamachedwa kuuma pachubu. Umakhwecha machesi, moto umati vuu pamwamba pake, umauzira, n'kumata chigamba nthawi yomweyo. A Mhone achita zimenezi moyo wawo wonse ndipo chigamba chawo sichimatuka. Rejoice asanamalize kudzuka pabenchi, machesi anali atayaka kale. Lawi linathamanga kuzungulira limu lonse, mkombero wamoto m'manja mwa nkhalamba. A Mhone analitembenuza kamodzi, nalizimitsa ndi mpweya wa m'kamwa.

"Eee, zamatsenga," anatero Overtoun, akuwomba m'manja. "Azungu a mu vidiyo abwere adzaphunzire."

"Mwawotcha guluu wanga," anatero Rejoice, motsitsa mawu.

"Ndaumitsa. Usiku wako uja ndi umenewu, watha."

Tayala, popeza silinatanuke, linakana kulowa. A Mhone analowetsa vavu pabowo, naimika limu pakatoni, nakoka tayala ndi manja onse awiri kutsikira mbali iyi ndi iyi. Linafika pakati n'kuima. Anatambasula dzanja kuti atenge chitsulo chawo cha sipuling'i.

"Chitsulo ayi. Mubowola chubu cha m'kati, ndipo simungachifikire popanda kusomola ulusi wonse."

Anamuyang'ana moipa, koma chitsulocho anachisiya. Anatembenuza wilo, navula nsapato, nagwira limu ndi zala za kumapazi, nakoka mpaka mitsempha ya pakhosi inatuluka. Gawo lotsiriza analikankha ndi zala zazikulu, pang'onopang'ono, akutukwana m'Chitonga msuweni wa ku Cape Town ndi aliyense amene anaganiza zosokerera chubu m'tayala. Linalowa. Guluu anali paliponse, m'mbali mwa tayala, pa ovolosi, patsitsi la pamkono. Anapopa pang'ono, nazunguza wilo, nakankha apa ndi apo kuti nsalu ya kunsi ioneke mofanana mbali zonse, kenako napopa mpaka tayala linalira ngati ng'oma polikhoma ndi chala.

"Ndi ilo. Lagona nthawi yanji?"

Rejoice analikankha cham'mbali ndi chala. Silinasunthe. Tayala lodzaza mpweya silisuntha ndi chala, ngakhale popanda guluu, koma palibe mwa atatuwo anaganizako zimenezo. Anachotsa wilo lakale panjinga yake, imene inali itatsamira mzati, namangapo latsopanolo, navala chipewa chake cholimba, nati akangoyesa pang'ono.

Kumunsi kwa shedi msewu umatsetsereka, kenako n'kukhota mwadzidzidzi pafupi ndi kamlatho ka ngalande. A Mhone anaimirira, manja m'chiuno, kumuonerera akutsika. Anaona msana wake ukuwerama, anaona njinga ikupendekera pakona monga iwo omwe anamuphunzitsira. Kenako anaona chinthu chakuda chikuvuka pawilo la kutsogolo. Phokoso la chitsulo chokwecha phula linafika pa shedi mtsikanayo ali kale pansi, akukhwekhwereka cham'mbali.

A Mhone sanathamangepo kwa zaka zambiri. Tsiku limenelo anathamanga, opanda nsapato.

Anapeza Rejoice atadzuka yekha. Chigongono chinali chitasupuka mpaka poyera, kabudula atang'ambika pantchafu, magazi akutsikira m'sokosi. Tayala linali litapanikizika pakati pa limu ndi foloko, litapindika ngati khungu limene njoka yafundula. Anthu anali atasonkhana kale, pakuti mzinda uno ukamva munthu wagwa suchedwa.

"Ana aakazi ndi njinga za amuna," anatero mayi wina wogulitsa nthochi.

"Wamanga ndani wilo limeneli?" wina anafunsa kumbuyo.

"Si a Mhone awa? Taonani guluu m'manjamo."

Mkwiyo unawakwera a Mhone mpaka m'makutu. Anakalipira mayi wa nthochi kuti asamale nthochi zake. Anakalipira phula, kuti anaika ngati akupaka batala. Anakalipira tayala, anakalipira anthu opanga zinthu zofuna kuleredwa ngati khanda n'kumazitumiza kudziko la fumbi. Atatha onsewo anatembenukira kwa Rejoice.

"Iwenso unapendekera chomene. Kuyesa n'kotero?"

Rejoice ananyamula njinga paphewa losavulalalo, nayamba kukwera mtunda. Atafika pa shedi anaika njinga pansi, nayang'ana thabwa lofiira lija, kenako anayang'ana a Mhone.

"Adada, bambo wa jekete uja ali kuti masiku ano?"

"Ndimudziwira kuti? Anasamuka kalekale."

"Anasamuka. Mwina anafa. Dzina lanu sakulikumbukira n'komwe. Koma shedi ino ndi yake mpaka lero. Ndi iye amanena kuti ntchito ithe liti. Lero walamula kuti muwotche guluu wanga, inu n'kuwotcha, ine n'kukagwa. Apa ndi pakona ya ku Katawa. Loweruka lija ikanakhala phompho."

"Usandiyankhule ngati ndine mnzako."

"Mnzanga akanandimvera."

Overtoun, amene wilo lake linali litatha kalekale, anayang'ana pansi ngati wataya kanthu. A Mhone anakoka beseni la madzi ofufuzira pobooka machubu, nalikhuthula, nathiramo madzi oyera a m'chigubu chawo chakumwa, nalikankhira kwa Rejoice ndi phazi, osamuyang'ana. Kenako anamasula wilo lija, nakhala nalo pansi.

Guluu wowotchedwa anali atapanga khungu pamwamba. Ataligwira ndi chikhadabo linamatuka ngati khoko la mbatata yowotcha, ndipo kunsi kwake kunali konyowabe. Pansalu ya tayala panalibe chizindikiro chakuti zinagwiranapo. A Mhone anayang'ana nthawi yaitali. Anatenga kansalu ndi petulo, nayamba kupala. Anapala ngati akufuna kuboola limulo, mano ali gwa, mpweya ukutuluka m'mphuno. Anthu awiri anabwera ndi njinga zophwa, a Mhone nawauza kuti lero atseka, pomwe shedi ilibe n'chitseko chomwe.

Limu litayera analizunguza kuona ngati lapindika. Panali pokwecheka, koma linali lowongoka. Anapalanso guluu wa patayala, nalipopa, naliika kukhutu. Silinkatuluka mpweya.

"Guluu watsala?"

"Wokwana kamodzi," anatero Rejoice, akumanga chigongono ndi mpango. "Mukawotchanso, basi, ndikaonerera mpikisano m'mbali mwa msewu."

A Mhone anavalika matayala onse awiri pamalimu ouma, opanda guluu, napopa kwambiri kuti atanuke. Anabwezera wilo lakale panjinga ya Rejoice. Kenako analongedza zida m'bokosi, nalimanga pakaliyala ya njinga yawo, namangirira mawilo awiri aja pahandulo ndi zingwe za chubu chakale.

"Ndiye agona, bwana?" Overtoun anafunsa. "Ndikauze a wailesi?"

"Wilo lako unalandira. Kanyamule anthu, usanamere mizu pabenchi yanga."

Anauza Rejoice kuti awatsate. Anayenda chotsogozana, aliyense akukankha njinga yake, mtsikanayo akutsimphina, mpaka pa okala ina yogulitsa misomali ndi mababu. A Mhone anapempha loko. Anakana woyamba, nakana wachiwiri, nasankha wamng'ono wamkuwa wolemera m'dzanja. Anauza wogulitsayo kuti autsegule. Utatseguka anazula kiyi, natenga kamphete konse ka makiyi, nakaika m'dzanja la Rejoice.

"Kunyumba kuli kachipinda ka simenti kaja ndinamangira mwana wanga. Mulibe fumbi, mulibe mbaula. Ndikaika mawilo mmenemo n'kutseka. Mawa ubwere, utsegule wekha, ukhale pampando, uziona ndikupaka. Mopyapyala, monga mwa vidiyo yakoyo. Tikatha utseke wekha, upite ndi makiyi ako. Tizitero mpaka matayala ako akhute tulo."

"Onse mwandipatsa? Tengani imodzi."

"Yayi."

"Adada, ine sindinanenepo kuti mungandibere."

"Sindikutsekera iwe. Iwe ukapita kunja ndi timu yakoyo, ine nditsala ndi pakamwa pa Mzuzu." Anayang'ana mpango wa pachigongono, umene unali utayamba kufiira. "Pita kuchipatala akakutsuke bwino. Ukamuuze namwino kuti unagwa wekha."

"Ndikamuuza kuti anandigwetsa ndi machesi."

"Choka."

"Yewo, adada."

Rejoice anaika makiyi m'thumba la kumsana kwa malaya ake, nakhotera njira ya ku Geisha. A Mhone anatsala ndi loko wotsegula m'dzanja, ndipo apa m'pamene anazindikira chimene adzipangira. Akauika m'thumba la ovolosi, ukhoza kukanikizika n'kutsekeka. Akauponya m'bokosi la zida, sipanala iugunda. Ndipo ukangoti khethe, makiyi ali ku Geisha, mawilo agona m'chipinda chosatseka, m'nyumba ya Gideon Mhone.

Analowetsa chala chachikulu pakati pa loko ndi kachitsulo kake kokhota, nafumbata. Dzanja linalo linagwira handulo. Anayenda choncho mpaka ku Mzilawaingwe, mawilo akugundana ndi mawondo, njinga yolemera ikufuna kugwera uku ndi uku, chifunga chikusanduka mawawa. Mkulu wina wa kumpingo anawatambasulira dzanja la moni panjira, a Mhone nangomugwedezera mutu, mkuluyo natsala akuyang'ana dzanja lake.

NyaLongwe anali pakhonde akuanula zovala. Anayang'ana mawilo achilendowo, nayang'ana nkhope ya amuna awo, nayang'ananso mawilo.

"Za eni ake zayambanso kugona kuno?"

"Tsegulani kachipinda kaja. Muchotse matumba."

"Nanga m'dzanjamo mwafumbata chiyani?"

A Mhone anatambasula dzanja. Chala chinali chitachita mzere wofiira.

"Makiyi ake ali kuti?"

"Ali ndi mwini wake. Musaugwire, NyaLongwe. Ingonditsegulirani chitseko."